Chipika cha Ayezi Nambala 904

Msasa wa pa Chulu, Antarctica
19 Novembala

Marnie wanga,

Ndisanakupatse moni, pali zinthu zinayi zimene zandikhala pamtima chinyamukire ndege ku Hobart, ndipo ndikapanda kuyamba ndi zimenezi sindilemba chanzeru chilichonse.

Choyamba, masamba a bulugama adzaza m'ngalande za padenga, mbali ya kukhitchini. Ndinachotsa mbali imodzi yokha. Usakwere wekha, uitane a Trevor akutsidya kwa msewu, iwe uwagwirire makwerero. Chachiwiri, pampu yozimitsira moto ya pathanki uziiliza Loweruka lililonse kwa mphindi zisanu, ngakhale kusamveke za moto kulikonse. Petulo wake ali m'chigubu chofiira, osati chobiriwira. Chachitatu, Greta akaonane ndi dokotala wa mano pa 1 Disembala, 10 koloko. Chachinayi, zenera la kushedi. Ndikudziwa kuti ndinatseka. Kaone basi.

Tsopano moni, mkazi wanga. Uli bwanji? Nanga Greta, chifuwa chija chinaleka? Ine ndafika bwino. Mutu ukuwawa monga umachitira masiku oyamba kuno kumtunda, milomo yayamba kale kung'ambika, koma kudya ndikudya. Tilipo anthu khumi ndi mmodzi. Masiku anayi athera pa fosholo, kufukula khomo la ngalande yathu ya pansi pa chipale, yogwiriramo ntchito, limene chipale chofewa chinakwirira m'nyengo yozizira. Chibowo chimene tikubowola m'ayezi tachipeza monga tinachisiyira chaka chatha, chakuya mamita 640, chovindikira bwinobwino.

A Bevan, mkulu wa obowola uja unamuona kubwalo la ndege atavala kabudula, sanasinthe. Ndikutsika ndege anakuwa kuti, “Bisani mapensulo, anyamata, afika a Kalaliki!” Ine ndinawafunsa ngati chingwe anachiyeza. Iwo akuti, “Lindsay, moni kaye. Anthu amayamba ndi moni.”

A Thea, amene akutsogolera kafukufukuyu, anandikokera pambali dzulo. Ntchito ija ya m'chipinda chozizira ku Hobart, yosunga ayezi amene timabwera naye, aitsegula mu Malichi, ndipo kalata yondichitira umboni alemba okha. Sanalonjeze, koma sanalankhulenso ngati munthu wokayika. Ndiye zimene ndinakuuza m'galimoto zili chomwecho: ulendo wachisanu ndi chimodzi uno ndi womaliza. Chilimwe cha chaka chamawa utsi ukadzaoneka kuseri kwa phiri, sudzalongedza galimoto uli wekha ndi mwana.

Makalata azidutsa pa kompyuta ya msasa Lamlungu lililonse. Ili m'tenti yodyera ndipo aliyense amasuzumira, choncho za mumtima usayembekezere zambiri.

Wako,
Lindsay

3 Disembala

Marnie,

Moni nonse awiri. Ndakondwa kuti muli bwino ndiponso kuti padenga payera. Mutu wanga unaleka. Nkhuni za madola 180 pa ngolo n'zodula, koma gula panopa ziume, pofika Epulo mtengo udzakwera.

Wati kusukulu afunsa Greta ntchito ya bambo ake ndipo anayankha kuti “amalemba manambala pa madzi”. Umuwerengere ndime iyi, usadumphe.

Greta, kuno chipale chikagwa sichisungunuka. Cha chaka chino chimagona pa cha chaka chatha, chimenecho pa china, mpaka chapansi chimapanikizika n'kusanduka ayezi. Pansi pa nsapato zanga pano pali ayezi wakuya makilomita awiri. A Bevan amatsitsa chobowolera pa chingwe, chimadula ayezi wobulungira ngati chipika cha mtengo, wotalika mamita atatu, n'kukwera naye. Ife timamucheka patatu. M'kati mwake muli timathovu tambirimbiri, ndipo mpweya wa m'menemo ndi weniweni wa nthawi imene chipale chija chinatsekeka. A Thea ndi anzawo akauyeza amadziwa mmene dziko linkatenthera ndi kuzizira kalelo, kuti amvetse kumene kutentha kwa masiku ano kukupita nafe. Ntchito ya bambo ako ndi yaing'ono: kuyeza chipika, kuchipatsa nambala, ndi kujambulapo muvi ndi pensulo, woloza kumwamba. Chipika chimafanana nsonga zonse ziwiri. Popanda muvi palibe angadziwe kuti zaka zakale zili mbali iti, zatsopano mbali iti. Lamulo lake ndi limodzi: ndimaima mbali ya khoma ya tebulo langa, ndipo kumwamba kumakhala kumanzere kwanga. Ndajambula mivi mazanamazana, ndili pamalo omwewo.

Tsopano za iwe, Marnie. Talowa m'chigawo chimene a Bevan amati cha ayezi wolusa. Kuyambira mamita 700, mpweya wa m'timathovu ndi wopanikizika kwambiri moti chipika chikafika kumtunda chimatha kuphulika chokha. Dzulo china chinangolira thwa! palibe wochikhudza, n'kugawika pakati. Choncho timachigwira ngati khanda: kuyeza, muvi, m'bokosi, ulendo kuphanga limene tinakumba m'chipale. Kumeneko chigone chaka chathunthu osakhudzidwa, mpweya ukhazikike. Ena adzachitenga chaka chamawa.

Loweruka Lupe, wophika wathu, anatiponyera tizidutswa totsala m'makapu. Ukaika kapu kukhutu umamva tikuthetheka ngati mafuta m'chiwaya chakutali. A Thea anati, “Umene ukutulukawo ndi mpweya wa zaka zikwi khumi ndi ziwiri zapitazo. Pumani, muulandire.” Onse anaika makapu kumakutu. Ine ndinali kudzifunsa ngati kapuyo inatsukidwa.

A Bevan anandiona. Akuti, “A Kalaliki, zaka zonsezi mukugwira ayezi, munayamba mwamuyang'anapo?”

Ndinati, “Ndimamuyang'ana tsiku ndi tsiku.”

“Bodza. Mumayang'ana tepi yoyezera.”

Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Koma zinandilasa, chifukwa n'zoona.

Tandiuza zimene wa mano ananena.

Lindsay

10 Disembala

Marnie wanga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino koposa masiku onse, ndipo lero malangizo ndilibe. Usakomoke.

Lachinayi tinafika pa mamita 904. Ayezi anakwera osasweka, tinamucheka patatu, ndipo chipika chapakati chitafika patebulo panga ndinaona kamzere. Kotuwa, kopyapyala ngati ulusi wa juzi, kodutsa chipika chonse pafupi ndi nsonga imodzi. Ndinaitana a Thea pa wailesi. Anabwera chothamanga, mayi wa zaka 63, chipewa ataiwala m'tenti.

Phulusa, Marnie. La phiri limene linaphulika zaka ngati 17,000 zapitazo. A Thea akhala akulisaka zaka makumi awiri. Nthawi imeneyo ndi pamene dziko linkayamba kutuluka m'nyengo yaitali yozizira, ndipo funso lawo n'lakuti: kodi kusinthako kunayamba phulusa lisanagwe, kapena litagwa? M'chipika chimodzi chimenechi muli zaka ngati makumi anayi. Yankho lili momwemo, mbali ino ya mzere kapena mbali inayo.

Anazimitsa magetsi a m'ngalande n'kuika tochi kumbuyo kwa chipikacho, mbali yanga. Ine ndinkangoona tochiyo basi. A Thea, ali tsidya lina la tebulo, ananong'ona kuti, “Kumeneko suona kanthu, Lindsay.” Ndinazungulira tebulo. Koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi.

Ayezi anayaka. Mtundu wake sindingautchule, ngati madzi akuya a m'nyanja koma owala kuchokera m'kati. Timathovu tinali zikwizikwi, tina pafupi tina kutali, ngati nyenyezi zimene timaziona tikaima kuseri kwa nyumba yathu mwezi kulibe, ndipo pakati pake kamzere kaja, kowongoka. Kunali tsiku lina, kapena sabata ina, pamene kumwamba kunada, phulusa n'kugwera pa chipale popanda diso loona. Kenako chipale china chinagwa pamwamba pake, ndi chinanso, zaka zikwi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndiye woyamba kuliona n'kukhala ine, munthu wa kwathu ku Geeveston amene amabwerera pakhomo kawiri kukayesa loko. Ndinagwira tebulo.

A Bevan anavula chipewa, kuzizira kuli madigiri 30 pansi pa ziro. Anangoti, “Amayi anga ine.” Nthabwala panalibe. A Thea misozi inaundana m'zikope.

Tinachedwa pamenepo. Chipika chinayamba kulira tse, tse, ndipo a Thea anati, “Msanga, m'bokosi!” Magetsi anayaka, ndinajambula muvi, ndinalemba m'buku kuti phulusa lili masentimita 12 kuchokera kumwamba, tinapita nacho kuphanga anthu anayi, tikuyenda ngati tanyamula maliro a mfumu.

Ndikanakonda ukanakhalapo. Uuze Greta kuti bambo ake aona phulusa la phiri limene palibe akudziwa dzina lake.

Wako,
Lindsay

13 Disembala

Marnie,

Moni. M'thupi ndili bwino. Kalata iyi ndalemba pamanja, ndipereka kwa woyendetsa ndege ya mafuta mawa, chifukwa singadutse pa kompyuta ija. Usamuwerengere Greta.

Muvi wa pa 904 sindikudziwa ndinaujambula nditaima mbali iti.

Ndinazungulira tebulo kukaona phulusa, ndinakuuza. Zimene sindikukumbukira n'zakuti ndinabwerera kumalo kwanga ndisanatulutse pensulo kapena ayi. Dzanja langa limajambula muvi woloza kumanzere popanda kufunsa mutu. Ngati ndinali mbali ya khoma, zonse zili bwino. Ngati ndinali tsidya lina, muviwo ukuloza pansi, ndipo zaka makumi anayi zija zagona chadodolido m'bokosi. Zimene zinachitika phulusa litagwa zidzaoneka ngati zinachitika lisanagwe. A Thea adzayeza bwinobwino, adzalemba bwinobwino, n'kuuza dziko lonse yankho lotembenuzika. Mwina wina adzazindikira patapita zaka. Mwina ayi.

Ndayesa kukumbukira mpaka mutu kutentha. Nthawi zina ndimaona khoma kumsana kwanga. Nthawi zina ndimaona phewa la a Thea pafupi ndi langa pensulo ili m'manja. Zonse ziwiri ndimaziona bwinobwino. Chithunzi palibe anajambula, kamera inali itafa ndi kuzizira. Kutsegula bokosi sindingathe, chipikacho chingasweke m'manja mwanga, ndipo ngakhale nditatsegula ndikaonamo chiyani? Nsonga zonse ziwiri n'zochekedwa ndi sowo, n'zofanana.

Ndikanena, ndiye kuti ndikulemba m'buku, pansi pa dzina langa, kuti chipika chofunika kuposa zonse za m'chibowo chino sichikudziwika mutu ndi miyendo. Ntchito ya ku Hobart amafuna munthu wa chinthu chimodzi chokha, wosasokoneza mabokosi. Ndilibe digiri ya udokotala ngati ena amene adzafunsire. Chimene ndili nacho ndi mbiri yakuti sindilakwitsa. Ndikapanda kunena, palibe akudziwa. Phanga tidzalitseka pakati pa Januwale, buku n'kupita ku Hobart.

Unati uuza akuchipatala kuti kuyambira Epulo ubwerera kusukulu ya unamwino, poti ine ndidzakhala pakhomo. Usawauze kaye.

Poyankha pa kompyuta usatchule. Uzingoti “zenera”.

Lindsay

27 Disembala

Marnie wanga,

Moni, ndi mafuno abwino a Khirisimasi ochedwa. Ndamva kuti Greta njinga aikonda. Chipewa chake chachitsulo azimanga lamba, osangochiika pamutu. Ine ndili bwino, kungoti lamba wanga ndabowolanso kachibowo kena. Lupe akuti ndikunyoza nkhosa yake.

Za moto wa kutsidya kwa mtsinje ndawerenga katatu. Unachita bwino kugona kwa mchemwali wako. Ulendo wina usadikire uthenga wochenjeza wachiwiri, nyamuka pa woyamba. Mapepala a nyumba ali m'chikwama chabuluu pamwamba pa wadirobu. Ndikaganiza kuti unanyamula mwana, galu ndi zithunzi uli wekha, ine ndili kuno kumene kulibe ngakhale udzu woti upse, manyazi amandigwira.

Za zenera ndamva. Wati unakapeza lotseka, monga unapezera chitofu chozimitsa chaka chatha, ndi loko wokhoma chaka chinacho. Wati m'zaka khumi ndi zinayi za ukwati wathu sindinasiyepo chinthu chotsegula, koma ndakudzutsa kangapo konse. Ukunena zoona, ndipo ndinaseka. Koma mazenera ena aja ndinkawatseka maganizo ali pa zenera. Ili ndinali kuyang'ana kwina.

Pa 26 tinasewera kiriketi panja monga mwa mwambo, mabokosi opanda kanthu ngati zigoli. A Bevan anandiika kutali kwenikweni, akuti, “A Kalaliki aime uko, aziwerenga mitambo.” Ndili chiimire kumeneko, mpweya unadzaza tizidutswa ta ayezi tosaoneka, tikungonyezimira, kumwamba kulibe mtambo. Kenako dzuwa linavala mkombero waukulu, ndipo kumanja ndi kumanzere kwake kunatuluka madzuwa ena awiri. Atatu, Marnie, pamwamba pa chigwa choyera chopanda phiri, chopanda mbalame, chosalala mpaka kumene maso alekezera. Kale ndikanaona nthawi pa wotchi n'kukalemba m'buku la zanyengo. Ulendo uno mpira unandidutsa m'miyendo, anthu akukuwa, ine osamva. Chiyambire tsiku la phulusa lija maso anga sakubwerera m'malo mwake. Ngakhale zipika wamba ndimaziyang'ana kaye ndisanayeze. Koma kuzungulira tebulo sindizungulira.

Pa chakudya a Thea anaimirira ndi kapu n'kutchula aliyense. Atafika pa ine anati kalata ija amaliza, ndipo anawerenga chiganizo chimodzi: “M'maulendo asanu ndi umodzi, sindinapezepo cholakwa n'chimodzi chomwe m'buku la munthu ameneyu.” Anthu anaomba m'manja. Ndinatuluka, ndinati ndikukaona jenereta.

Tili pa mamita 1,010. Pampu uziiliza kawiri pa sabata tsopano.

Wako,
Lindsay

7 Januwale

Marnie,

Moni. Ndikhulupirira mvula imene wanenayo yazimitsa zonse. Ndili bwino. Ndikulemba ena onse ali panja kufukula migolo ya mafuta, ndipo ndikatumiza ndifufuta.

Lachisanu ine ndi a Bevan tinapititsa mabokosi kuphanga. Umatsika masitepe makumi awiri osemedwa m'chipale, ndipo m'katimo kuwala kwa dzuwa kumadutsa denga n'kusanduka kwabuluu. Kulibe phokoso lililonse, umamva magazi ako akuyenda m'makutu. Mabokosi ali m'mizere mbali zonse ziwiri, zaka zikwi zambiri zitagona ngati odwala m'wodi. Nthawi ndi nthawi china chimalira tse! m'bokosi mwake.

Ndinaima pa 904. A Bevan anati, “Kachitatu aka ndikukupezani pa bokosi limeneli. Mwasiyamo chikwama?”

Ndinati, “Bevan, tiyerekeze munthu atatembenuza chipika. Wobowola angadziwe?”

“Chapansi ndingadziwe, zikhadabo za chobowolera zimasiya zipsera pamene zinagwira. Chapamwamba ndingadziwe, chimalumikizana ndi cha dzulo lake. Chapakati ayi.” Kenako anati, “Tiyerekeze munthu ameneyo ndi wamtali, woonda, wosadya nkhosa.”

Ndinawafunsa ngati akukumbukira mbali imene ndinaima. Anatseka maso nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti akuyesetsadi. Akuti, “Ine ndinali kuyang'ana phulusa, m'bale wanga. Ukanatha kuvula zovala zonse pamenepo, sindikanaona.”

Kenako anandiuza zawo. Ali mnyamata, pa chibowo china, anagwetseramo sipanala yaing'ono. Palibe anaona. Anakhala masiku awiri osanena, akupemphera kuti inagwera pambali. Tsiku lachitatu chobowolera chinakumana nayo pansi, mano onse anathyoka, anthu khumi ndi asanu anataya milungu itatu. Ndinafunsa kuti ndiye mukundiuza kuti ndinene? Akuti, “Ine sindine m'busa. Sipanala inadziulula yokha. Chakochi sichidzalira, sichidzathyola dzino la munthu. N'chifukwa chake chikukudya.” Potuluka anandimenya paphewa. “Ndiponso ndine ndinakuputa kuti suyang'ana. Ndikanadziwa ndikanakusiya ndi tepi yako.”

Ndinawayankha kuti pa zonsezi, kuyang'anako sindikunong'oneza nako bondo. Ndinadabwa kumva pakamwa panga pakutero.

Ndawerenganso zimene unalemba Lamlungu lapitalo, zakuti watopa, zakuti Greta anafunsa ngati utsi ukafika pakhomo bambo ake adzamva. Sunandiuze kuti ndikhale chete, ndikudziwa. Sunandiuzenso kuti ndinene. Phanga titseka pa 14.

Lindsay

15 Januwale

Marnie wanga,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndadya mbale ziwiri lero, Lupe mpaka anandigwira pamphumi.

Ndanena.

Dzulo m'mawa, tisanatseke phanga, a Thea anabwera kudzasaina buku. Ankatsegula masamba, atafika pa 904 anasisita nambalayo ndi chala ngati akusisita mutu wa mwana. Pamenepo ndinalephera. Ndikanapirira ngati akanangodutsa. Ndinawauza zonse nditaima, ngati mwana wa sukulu, kuyambira pa tochi.

Sanakalipe. Anakhala pa bokosi, anavula magalasi. Kenako anafunsa kuti, “Wadziwa liti?”

“Patapita masiku anayi.”

“Ndiye pa Khirisimasi paja, ine ndikukutamanda, unali ukudziwa.”

“Inde.”

“Zimenezo ndiye zandipweteka, Lindsay. Muviwo ayi. Ndinakuitana ndine kuti uzungulire.” Anandipatsa pensulo yanga yomwe. “Lemba. Tsiku, ndi dzina lako.”

Ndinalemba kuti kumwamba kwa chipika 904 sikukudziwika.

Njira yodziwira ilipo, koma imodzi. Ayezi ali ndi timiyala take m'kati, tolumikizana ngati miyala ya pakhoma, ndipo sowo inatidula pakati. Chipika chikagona chaka, akhoza kusenga kachigamba kopyapyala pa nsonga iliyonse, n'kuunika ndi galasi lapadera pamodzi ndi nsonga za 903 ndi 905. Nsonga yoona idzagwirizana ndi inzake ngati pepala long'ambidwa. Ziyenera kuchitikira kuno, mabokosi asanagwedezeke m'ndege. Ngati nsongazo zaphwanyika m'bokosi, basi, 904 sichidzayankhanso funso la munthu aliyense, ndipo zaka makumi awiri za a Thea zathera pa muvi wanga. Anandiuza zimenezi mosabisa, ndipo anachita bwino.

Kalata ija aisintha. Chiganizo cha Khirisimasi achotsa, alemba zimene zinachitika, ndi masiku onse amene ndinakhala chete. Akuti adzandichitirabe umboni, koma osankha si iwo okha, ndipo sakundilonjeza kanthu. Ukhoza kundikwiyira. Ndaika pachiswe chinthu chimene sichinali changa ndekha, osakufunsa komaliza.

Tinatseka phanga masana. Tinaunjika zidina za chipale pakhomo, a Bevan anazika mbendera yakuda pa nsungwi kuti adzapapeze. Mwezi wamawa ife tichoka, kenako dzuwa lilowa kwa miyezi inayi, kuzizira kufika madigiri 70 pansi pa ziro, ndipo pamtunda wa makilomita mazana ambiri sipadzakhala chamoyo chilichonse. Chipika chija chidzakhala m'menemo mumdima, chikupuma pang'onopang'ono, chikudziwa chokha kumene kuli kumwamba. Ndinaima pamenepo mpaka ena onse analowa m'tenti.

Tsopano chimene ndalembera kalata iyi. Wina ayenera kudzatsegula bokosilo Novembala akubwerayu. A Thea akupuma pantchito mu Juni, sadzabweranso kuno. Anati, “Aliyense wophunzitsidwa angathe. Koma ndikanati ndisankhe, ndikanasankha munthu amene sadzagona mpaka ataona.” Ntchito ya ku Hobart imafuna munthu wokhala ku Hobart chilimwe chonse. Ziwirizi sizingatheke pamodzi. Mayina a obwera ulendo wotsatirawo atumiza Lachisanu pa 19.

Dzina langa sindinapereke. Ndinakulonjeza m'galimoto, ndipo lonjezolo lilipo. Sindinaiwale utsi, sindinaiwale sukulu yako imene waiimika kawiri chifukwa cha ine. Ukati ayi, ndi ayi, ndidzafunsira ya ku Hobart ndi kalata yosinthidwayo, ikakanika ndidzafuna ina, ndipo sindidzatchulanso. Koma ndakhala mwezi wathunthu ndi chinthu chobisa, ndipo sindikufuna kuyamba china ndi iwe. Ndikufuna kubwerera, Marnie. Osati chifukwa cha mlandu wokha. Ndabwera kuno kasanu osaona kanthu, ndipo ndayamba kuona pamene ndikuchoka. Ndikufuna ndidzakhalepo pamene bokosilo likutsegulidwa, ndione ndi maso anga, kaya ndinalakwa kaya sindinalakwe.

Usandiyankhe zondisangalatsa. Unene monga umanenera tili awiri kukhitchini. Ndapempha kuti kompyuta aziitsegula tsiku lililonse mpaka Lachisanu, ndipo a Bevan alonjeza kuti aliyense wosuzumira amutumiza kukafukula migolo. Chonde yankha msanga, ngakhale liwu limodzi lokha.

Mwamuna wako,
Lindsay